Agness ndi Mwala Wokumbika

Agness ankakhala ku Kabwata. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kugwira mwala wonolera wa atate ake.

Atate ake, Ba Petros, anali kalipentala. Ankapala matabwa kuseri kwa nyumba. Ntchito ya Agness inali kuthira madzi pamwala. Kuthira basi!

Chaka chimenecho Zambia inakwanitsa zaka khumi za ufulu. Ntchito inachuluka. Edmond, msuweni wa Agness, anabwera kuchokera ku Chipata. Tsiku lomwelo atate anamupatsa mwala.

Agness anachita nsanje. Nsanjeyo inali yaikulu kuposa mwini wake.

Edmond ankanola mpeni wa chopalira matabwa. Kwee, kwee, kwee! Agness ankathira madzi atatupitsa masaya.

"Wachita bwino, Edmond," atate ankatero.

Za Agness, zii.

Koma Edmond ankanola pakati pokha. Lero pakati. Mawa pakati. Mwala unayamba kukumbika. Madzi ankaima pakati ngati kachithaphwi. Agness yekha ndiye anaona. Koma sananene. Ankafuna kuti Edmond alakwe, atate aone.

Loweruka atate anatulutsa thabwa lokongola la mtengo wa mukwa. Anayamba kupala. Thabwa linatuluka mizeremizere. Mpeni unali utakhota kukamwa. Atate anadandaula. Anati thabwalo linali limodzi lokha. Linali la kabokosi ka mabuku a Agness.

Ka Agness! Manyazi anamugwira.

"Ba Tate, ni mwala," anatero Agness. "Wakumbika pakati. Ninaona kudala, koma sininakambe."

"Chifukwa chani?" anafunsa atate.

"Nenze na jelasi."

Edmond anayang'ana pansi. Iye sankadziwa kuti mwala umakumbika. Atate sanakalipe. Anapatsa Agness pensulo. Anamuuza kuti ajambule mizere pamwala ponse.

Agness anajambula. Kenako anawaza mchenga pakhonde la simenti. Anathira madzi. Anatembenuza mwala, nayamba kukhula.

Anakhula, anakhula. Mizere ya m'mbali inafufutika. Ya pakati inakana.

Manja a Agness anatopa. Edmond anamulandira. Anakhula, anakhula. Agness anamulandiranso. Mizere yonse inafufutika. Agness anathira madzi. Kachithaphwi kaja kunalibe.

Edmond ananolanso mpeni. Kwee, kwee, kwee!

"Na kumbali, iwe," anatero Agness. "Osati pakati chabe."

Edmond anaseka, namvera.

Atate anapalanso thabwa lija. Linapyapyala pang'ono, koma linasalala. Atate anatenga pensulo ija. Anaipana pakhutu la Agness, monga amachitira akalipentala.

"Manje mwala ni wako," anatero atate. "Edmond azibweleka kuli iwe."

Agness anamubwereka Edmond mwala tsiku lomwelo. Koma pensulo ayi. Ngakhale nsima anadya pensuloyo ili pakhutu pomwepo.