Ming'oma ya a Belu

Madzulo amenewo ndinali pakhonde ndikusoka thumba long'ambika pamene mng'ono wanga anatulukira atanyamula bulangete, chitini ndi ndodo. Anati ndimubwereke tochi.

"Ukukalondanso iweyo?" ndinamufunsa. "Amuna ako miyendo inathyoka?"

"Akuti mutu ukuwapweteka, achemwali."

"Mutu wake umenewo umayamba dzuwa likamalowa basi?"

Sanaseke. Analandira tochi ija osandiyang'ana kumaso, n'kulowera njira ya kumunda.

Mlamu wangayo timamutcha Mwinizonse, ndipo ndisabise, ndimadana naye. Chimene diso lake laona chimasanduka chake. Nkhuku yako ikangodutsa pabwalo pake, yasamuka.

Minda yathu inachita malire ndi nkhalango, ndipo kale njovu zinkakolola ife tisanalawe. Alangizi a zanyama ndi amene anatiphunzitsa kupachika ming'oma ya njuchi pa waya kuzungulira minda. Njovu ikakhudza waya, ming'oma imagwedezeka, njuchi zimatuluka, chinyama chonse chija n'kuliyatsa liwiro. Anatichenjeza chinthu chimodzi: njira imene njovu zimadzera popita kumtsinje tisaitseke, chifukwa njovu siiwala pamene inadutsa ndi mayi wake. Ifenso tinapangana zathu. Aliyense azigona pansanja m'munda mwake. Mnzako akaimba chitini, iwe uyankhe ndi chako, utsike, uthamangireko.

Chitini choyamba kulira chinkakhala cha mayi wina wamasiye, mkazi wa malemu mkulu wake wa Mwinizonse. N'chifukwa chake tinkawatcha a Belu. Munda wawo unali wachonde, ndipo mlamu wawoyo ankaumezera malovu. Anawauza kuti abwerere kwawo. Iwo anati kwawo ndi kumene kuli manda a mwamuna wawo.

Chaka chatha, chimanga chitayamba kukhwima, njovu zinalowa kwa a Belu. Ine ndinali kuchipatala ndi mwana. Akuti chitini chawo chinalira, anthu n'kuyamba kutsika pansanja, koma Mwinizonse anakuwa mumdima kuti, "Musavutike! Ndikuchokera komweko, ndi nguluwe chabe!" Anthu anabwerera m'mabulangete. Chitini chinalirabe, chinalirabe, kenako chinasiya.

Kutacha, a Belu anachita kuwatolera m'bulangete. Mbali yawo ya waya inali yopanda mng'oma ndi umodzi womwe. Yonse inapezeka itatseka njira ya njovu ija, pamene Mwinizonse anali atalimapo mobera. Iye anati a Belu anamupatsa okha, ndipo wakufa sayankha mlandu. Pamaliro analira kuposa aliyense. Maso asanaume anali atalowa kale m'munda muja, ming'oma ataibwezera pa waya kuti iteteze chimanga chimene tsopano chinali chake. Koma pansanja ya a Belu sanagonepo. Ankatumako mkazi wake.

Tsono tsiku la tochi lija, nanenso ndinakwera pansanja yanga. Mwezi unali wochepa. Achule ankalira kudambo, ndipo kutali ndinkaona kuwala kwa tochi yanga pansanja ya mng'ono wanga. Ndinayamba kusinza.

Chinandidzutsa ndi bata. Achule anali atasiya. Kunangoti zii.

Kenako ndinamva waya akulira, monga amachitira munthu akamamasula kanthu. Ndinati ndi Mwinizonse wayambanso zake. Mtima unanyamuka. Ndinatenga chitini ndi ndodo n'kutsika, ndikukonza kale mawu oti ndimulalatire.

Pamalire ndinamva fungo la ndowe ya njovu, yaiwisi. Munthu ankabwera motsatira waya, atasenza mng'oma pamutu popanda nkhata. Sanali mwamuna. Ankayenda mopendekera, mwendo umodzi ukuchita kukokedwa. Chifuwa chake chinali chophwatalala ngati chitini chopondedwa. Njuchi zinkayenda pankhope pake, m'makutu, pamilomo, koma popanda ndi imodzi yolira.



"Aneba, mwaswera bwanji?"

Mawuwo ndinkawadziwa. Pakamwa panga panayankha pokha. "Ndaswera bwino, kaya inu amayi."

"Ine ndatopa. Ndikutenga katundu wanga."

Anatsitsa mng'oma uja pansi mosamala, pafupi ndi ina imene anali ataunjika kale. M'pamene ndinaona kuti waya wa munda wawo wakale watsala wopanda kanthu. Kuseri kwa wayayo kunali zinthu zimene ndinkayesa mitengo. Mtengo umodzi unakupiza khutu. Zinali njovu, zitaima duu, zikudikira ngati ng'ombe pakhomo la khola.

Ndinagwada. Ine amene sindigwadira munthu wamba, ndinagwada m'matope.

"Amayi, pepani. Pansanja paja palibe mlamu wanu. Pali mng'ono wanga. Iyeyo sanakulakwireni."

A Belu anandiyang'ana. Njuchi imodzi inatuluka m'mphuno mwawo.

"Aneba, mng'oma sumasulidwa mumdima. Wina amamasula, wina amaunikira." Analoza kuwala kuja ndi chibwano. "Tochi yake ndi yomweyo."

Ndinakumbukira kuti nditabwerako kuchipatala kuja ndinapeza tochi yanga itatha mabatire, ndipo makiyi a nyumba ndinali nditasiyira mng'ono wanga.

A Belu anagwira waya n'kumutsitsa pansi. Njovu zinayamba kulowa, imodzi pambuyo pa inzake, osathyola ngakhale phesi. Zinawadutsa mbali iyi ndi iyo ngati sizikuwaona.

Chitini cha mng'ono wanga chinayamba kulira.

Ndinadzambatuka n'kumenya changa ndi mphamvu zonse. Sichinalire. Zinali ngati ndikumenya thumba lonyowa. Ndinakuwa, koma mawu anangothera kukhosi. Ndinathamanga kulunjika kuwala kuja. Masamba a chimanga ankandicheka kumaso, ndinkagwa n'kudzuka, koma tochi ija sinkayandikira. Ndinamva mitengo ya nsanja ikuthyoka. Ndinamva mwana amene ndinkamubereka kumbuyo ali wakhanda akuitana, "Achemwali! Achemwali!" Ankaitana ine, osati mwamuna wake. Ndinathamanga mpaka sindikumbukanso china.

Kunandichera ndili kumtsinje, nditagona pakati pa njira ya njovu, kutali ndi munda wanga. Ndinabwerera ndikudzandira. Anthu onse a pansanja analumbira kuti usikuwo sanamve chitini chilichonse.

Mng'ono wanga tinamupeza atakhala pansi pakati pa munda. Chimanga chonse chinali chitagona, nsanja itasanduka nkhuni. Mapazi a njovu anamuzungulira mpaka pafupi ndi mawondo, koma thupi lake linalibe ndi bala lomwe. Ankamenyabe chitini, manja ali magazi okhaokha, maso ali tong'o. Ndinamuitana dzina lake laubwana. Sanandizindikire.

Mwinizonse anafika mutu utapola. Anayamba wazungulira munda wonse akudandaula chimanga chake. Pomaliza m'pamene anamuyang'ana mkazi wake, n'kutembenukira kwa ine.

"Alamu, mutengeni m'bale wanuyu. Ine wamisala sindingamusunge."

Anthu amati choipa chitsata mwini. Ine tsiku limenelo ndinati bodza, chimayamba ndi amene mwiniyo wamuika patsogolo. Ndinalira ndi ukali mpaka azimayi anachita kundigwira.

Mng'ono wanga ndimakhala naye. Salankhula. Ndimamusambitsa, ndimamudyetsa, ndimamupesa tsitsi. Masana amangokhala pakhonde kuyang'ana kunkhalango. Nthawi zina ndimafuna kumufunsa chifukwa chimene anagwirira tochi ija, ngati anachita kumuopseza kapena anafuna yekha. Palibe woti andiyankhe.

Koma mvula ya chaka chino itayamba, ndinaona kuti m'mawa uliwonse mapazi ake akumakhala ndi matope. Chitseko ndimakhoma ndekha, ndipo ndimachipeza chokhoma. Tochi ndimaipeza pamalo pake, koma ikunka nichepa mphamvu.

Ndiye ming'oma inayamba kusuntha. Tinkadzuka n'kupeza iwiri yachoka pa waya, itaikidwa moyang'anana, pakati patasiyidwa mpata woti njovu n'kudutsa bwinobwino. Alangizi anabwera, anakalipa, tinaibwezera. Kutacha inali itabwerera pomwepo, ina itawonjezekera kutsogolo. Pang'ono ndi pang'ono panaoneka mizere iwiri yochokera kunkhalango. Inadutsa dambo. Inalambalala chitsime, inalambalala nyumba za anthu ena onse. Pachigayo azimayi amanong'onezana kuti a Belu akulambula msewu, ndipo apeza wowaunikira. Tsopano palibe amene amaikhudza. Mwinizonse yekha anayesa, njuchi zinamutupitsa nkhope mpaka mwana wake anamuthawa. Anakagona kwa mnzake tsidya lina, m'mawa mizere ija inali itakhotera komweko, mnzakeyo n'kumuthamangitsa.

Lero m'mawa ming'oma iwiri yomaliza tinaiona pakhonde pa Mwinizonse, uku umodzi, uku umodzi, chitseko chili pakati.

Madzulo anayenda nyumba ndi nyumba, chitini chili m'khwapa, chipewa chili m'manja. Anafika ndi kwa ine komwe. Wawonda.

"Alamu, chonde, mukamva chitini usiku uno mubwere. Paja tinapangana."

Mng'ono wanga anali pambali panga, akuyang'ana kunkhalango. Ndinamukonzera bulangete paphewa.

"Musavutike, alamu," ndinatero. "Mwina ndi nguluwe chabe."

Atachoka, ndinapita kugolosale kukagula mabatire atsopano. Ndawaika m'tochi, ndipo tochiyo ndaisiya pafupi ndi mphasa ya mng'ono wanga.