Kanyerere ndi Ketulo Yopanda Mlomo

Uyu ndi Kanyerere. Ndi kamtsikana kakang'ono, koma sikakhala pansi. N'chifukwa chake aliyense amamutchula Kanyerere.

Kanyerere anali ndi vuto. Amayi ake anagwa pa njinga. Mkono unathyoka. Unakhala m'chikhakha masiku ambirimbiri.

Tsiku lina adokotala anachotsa chikhakha chija. Kanyerere anayang'ana mkonowo. Mayo ine! Mkono unali utaonda ngati mpini wa tsache.

Atafika kunyumba, khanda la amayi linayamba kulira. Amayi anawerama kuti alinyamule. Mkono unanjenjemera. Anayesanso. Mkono unanjenjemeranso. Amayi anakhala pansi, misozi ili lengelenge.

Kanyerere anamva chisoni kwambiri.

"Amayi, simudzamunyamulanso mwana?" anafunsa.

"Ndidzamunyamula, mwanangu," anayankha amayi. "Adokotala akuti ndizinyamula kanthu kolemera pang'ono tsiku lililonse. Mphamvu zidzabwerera."

Kanthu kolemera? Kanyerere anakumbukira amalume ake. Amalume ndi owotcherera zitsulo. Akaweruka, amanyamula zitsulo kuti akhale amphamvu. Kanyerere anathamangira kwa amalume.

"Amalume, mundibwereke chitsulo chimodzi. Amayi akufuna mphamvu."

"Lowa usankhe wekha," anatero amalume.

Anatsegula kachipinda ka kuseri. Kanyerere anangoti kukamwa yasa! Munali zinthu zambirimbiri.

Panali kandodo kachitsulo. Uku mbale yachitsulo, ukunso mbale yachitsulo. Kanyerere anakoka. Sikanasunthe.

Panali zitini ziwiri zodzaza simenti, pakati pali paipi. Kanyerere anakoka. Sizinasunthe.

Panali zibonga ziwiri zamtengo. Amalume anazizunguza pamwamba pa mutu. Kanyerere anabisala kuseri kwa chitseko.

Panalinso mwala wokhala ndi bowo.

"Ngakhale mwala, amalume?" anadabwa Kanyerere.

"Eya. Kalekale zitsulo zonyamulazi kunalibe. Anthu ankasema miyala, n'kuikapo pogwirira. Ena ankalumpha nayo ili m'manja."

"Kulumpha ndi miyala? Aaa, amalume, mukundinamiza!"

"Zoona," anatero amalume akuseka. "Koma yesa ketulo ili pakonayo. Yopepuka ndi imeneyo."

Kanyerere anasangalala. Ketulo? Iye amanyamula ketulo m'mawa uliwonse!

Anapita pakona. Anapeza chinthu chakuda, chobulungira, chokhala ndi chogwirira. Anafufuza mlomo. Panalibe. Anafufuza chivundikiro. Panalibe.

Anagwira ndi manja awiri. Anakoka. Anakokanso. Manja anapulumuka, iye pansi khu!

"Amalume! Mwathiramo madzi ochuluka bwanji?"

Amalume anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mulibe madzi, iwe Kanyerere. Ndi chitsulo chokhachokha. Timangoitchula ketulo chifukwa cha maonekedwe. Kale, kudziko lina lakutali, alimi ankayezera mbewu zawo pa sikelo ndi zitsulo zotere. Kenako anayamba kupikisana kuzinyamula."

Kanyerere sanaseke. Ketulo iyi amayi sangaithe. Zitini sangazithe. Mwala sangauthe. Nanga mwana amunyamula liti?

Anabwerera kunyumba ali khuma. Analowa m'khitchini. Patebulo panali ketulo yawo ya tiyi. Inali ndi mlomo. Inali ndi chivundikiro. Inalinso ndi chogwirira.

Kanyerere anaima. Anainyamula. Inali yopepuka, chifukwa munalibe kanthu.

"Amayi! Amayi! Ndapeza chitsulo chanu!"

"Ketulo yanga ya tiyi?" anadabwa amayi.

Kanyerere anathiramo kapu imodzi ya madzi ozizira. Amayi anakweza ketulo. Anatsitsa. Anakweza. Anatsitsa. Mkono unanjenjemera, koma unatha.

Patapita masiku, Kanyerere anathira makapu awiri. Amayi anakweza. Anatsitsa.

Kenako makapu atatu. Kenako asanu. Kenako ketulo inadzaza mpaka pakamwa.

Tsiku lina amalume anabwera kudzacheza. Anapeza mlongo wawo akukweza ketulo yodzaza.

"Ha! Zoona izi?" anatero amalume. "Ketulo yanga siichepa, siikula. Yanuyi ikumakula tsiku ndi tsiku!"

Pomwepo khanda linalira. Onse anayang'ana amayi. Amayi anaika ketulo pansi. Anawerama. Kanyerere anatseka maso ndi manja.

Kulira kunatha.

Kanyerere anatsegula diso limodzi. Khanda linali m'mwamba, m'manja mwa amayi. Linali kuseka!

"Mwatha, amayi! Mwatha!" anakuwa Kanyerere akulumpha.

Amayi anapatsira amalume khanda lija. Anatembenuka. Anagwira Kanyerere m'khwapa. Mapazi a Kanyerere anachoka pansi.

"Amayi! Ngakhale ine?"

"Ngakhale iwe," anatero amayi. "Koma ee, mwanawe, uli ndi makapu angati m'mimbamu?"