Kodi Julião Akudwala "Cheerful"?

Laurinda anali ndi funso limodzi. Funsolo linamusowetsa mtendere.

Anali masiku a nkhondo. Chipatala cha kwawo ku Milange chinali chotseka. Ndiye Amayi anabereka kumbuyo Julião, mlongo wake wa Laurinda. Julião anali khanda la mano awiri. Onse anawoloka mtsinje wa m'malire. Anapita kusikelo ku Muloza, ku Malawi.

Kusikeloko kunali dokotala wochokera kutali. Anamuyeza Julião. Anamugwira pamimba. Julião anaseka, kukamwa yasa!

"Cheerful!" anatero dokotala. Anabwerezanso, "Cheerful!"

Laurinda anachita mantha. Paja dokotala akatchula mawu achilendo, ndiye kuti watchula matenda. Laurinda ankaganiza choncho.

Pobwerera anafunsa, "Amayi, cheerful n'chiyani?"

"Kaya, mwanangu," anatero Amayi. "Si Chinyanja. Si Chilomwe. Si Chipwitikizi."

Amayi anayankha motsitsa mawu. Chiyambire nkhondo, Amayi anali asanasekepo.

Kunyumba Laurinda anamuyang'ana Julião m'maso. Anamuyang'ana m'makutu. Anamuyang'ana ngakhale kuphazi. Cheerful sanamupeze.

Kenaka kunamveka belu. Ngili ngili! Anali amalume a Benedito pa njinga yawo. Iwo anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Malawi. Chingelezi ankachimva.

Laurinda anawathamangira. "Amalume, Julião akudwala cheerful!"

"Wanena ndani?"

"Adokotala."

Amalume anatsika panjinga. Anamuyang'ana Julião. Julião anawagwira ndevu, n'kuseka.

"Zoonadi," anatero amalume. "Cheerful yamulowa mpaka m'mafupa."

"Kodi achira?"

"Asachire ayi! Chimenecho n'Chingelezi. Munthu wansangala amati ndi cheerful. Munthu wa nkhope yowala. Woti mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, iye mtima uli mbee."

Laurinda anapumira m'mwamba. "Ndiye si matenda?"

"Si matenda. Koma usamale, zimapatsirana!"

Zimapatsirana? Laurinda anafuna kuona yekha. Ananyamula Julião. Anakamuika pamiyendo pa Amayi. Anamugwira pamimba monga anachitira dokotala.

Julião anaseka. Laurinda anaseka. Amayi sanaseke.

Julião anawagwira Amayi mphuno. Anawaonetsa mano ake awiri aja.

Kenaka Amayi anaseka. Anaseka mpaka misozi!

Laurinda analumpha ndi chimwemwe.

"Amalume! Amalume! Bwerani mudzaone! Amayi nawonso yawagwira!"