Nsalu Yoperewera

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina amene timakhala benchi imodzi kutchalitchi, ndipo ndikuilemba monga momwe inatulukira pakamwa pawo. Kuntchito amawatcha Mayi Ansalu. Amagwira m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, momwe alendo odzaona mzinda amalowa atakolowekera makamera m'khosi. Amuna awo ndi mlonda wa pamalo pomwepo, ndipo anthu amawaitana Achikhoto chifukwa cha chikhoto chofika m'mawondo chomwe savula ngakhale kutenthe bwanji.

M'nyumbamo muli chipinda chomwe alendo amachikonda koposa. Anachikonza ngati lesitilanti yakale ya apaulendo yomwe inagwetsedwa pokulitsa msewu. Matebulo, mipando, makapu ndi kabelu ka pakauntala, zonse anazitenga kumeneko. Pamipando anakhazikapo zidole zazikulu ngati anthu, zovekedwa majekete ndi zipewa zamakedzana, ndipo Abwana amakonda kuzisinthasintha malo kuti alendo azijambula bwino.

Madzulo aliwonse, magetsi akuluakulu akazimitsidwa, Mayi Ansalu amafunditsa chidole chilichonse nsalu yoyera kuopa fumbi, m'mawa n'kudzazivundukula. Nsaluzo zinasokedwa zokwanira ndendende, chidole chilichonse yake. Koma pofunditsa ankadzera kumbuyo, nkhope osaziyang'ana.

"Maso agalasi aja sindiwafuna," anandiuza. "Amakutsatira mpaka pakhomo. Tonse pantchito paja tinkangoona zipewa ndi mapewa basi."

Tsiku lina madzulo nsalu inaperewera. Anafunditsa zidole monga mwa masiku onse, koma atafika pa chidole chachikazi cha pafupi ndi khomo, m'manja munalibe kanthu. Anaganiza kuti ina yatsalira kochapa, natseka chitseko n'kumapita. M'mawa anapeza chidole chija chili chosafunda monga anachisiyira. Koma pakona, pampando wopanda kanthu, panali nsalu yopindidwa bwinobwino, ngodya zake zitakumana ngati zasitidwa. Kapu imodzi patebulopo inali yonyowa.

Zimenezi zinachitikanso mawa lake, ndi mkuja wake. Tsiku lina matebulo onse anapezeka atakonzedwa, masupuni atayalidwa kumanja, mafoloko kumanzere, zinthu zomwe Abwana analamula kuti zizikhala m'kabati.

Achikhoto anawanong'oneza akazi awo m'mawa wina akulandirana pageti, maso ali psuu ndi kusagona.

"Amayi, m'chipinda chanu muja mumamveka zinthu. Mzinda ukangoti zii, ndimamva mpando ukukokedwa pang'onopang'ono, ngati munthu akukhazika mlendo. Kenako supuni m'kapu, ngwi, ngwi, ngwi. Dzulo kabelu kanalira kamodzi."

"Nanga simunalowe bwanji? Makiyi muli nawo ndinu."

"Ndinaunika tochi pagalasi la chitseko. Ndinangoona nsalu zoyera zili ndandanda mumdima. Imodzi inkapuma, amayi. Inkakwera n'kutsika. Ndinangobwerera kugeti."

Koma pantchito nkhani inali itatenga njira ina. Mayi wogulitsa matikiti ndiye anaiyamba, akumwa tiyi kuseri kwa ofesi.

"Mizimu yanji yodziwa kupinda nsalu? Mizimu imamwa tiyi? Achikhoto apeza wowathandiza ulonda, ndiye akumayala nsalu za akazi awo omwe. Amuna alibe manyazi, anzanga."

Anthu anaseka, koma anasiya mwadzidzidzi ataona Mayi Ansalu ataima pakhomo ndi tsache. Pofika masana, Abwana anali atamva. Anaitana banjalo muofesi, nalankhula osakweza mawu.

"Bambo, zinthu za m'chipinda muja zikasweka sitingazigulenso kwina kulikonse. Usiku mumatsala nokha, makiyi ali m'thumba mwanu. Sabata ino ikatha zisanadziwike, mubweze makiyiwo ndi tochi."

Mayi Ansalu sanandibisire kuti mawu a wamatikiti aja anawalowa ngati minga. Kunyumba ankawapatsa amuna awo madzi osamba osawayang'ana. Tsiku lina anafika ponunkhiza chikhoto chija chili pamsomali, kufuna fungo la mafuta achilendo. Achikhoto anawapezerera. Anangokhala pamphepete pa bedi n'kuvula nsapato pang'onopang'ono.

M'mawa wa Lachinayi anapezanso nsalu yopindidwa pampando wa pakona uja. Anainyamula, ndipo mkati mwa mapindo inali yofunda. Pamenepo anakumbukira chinthu china. Mpando umenewo dzulo lake sunali wopanda kanthu. Manja awo ankakumbukira bwino kuti anayala nsaluyo pamapewa, n'kuikoka pang'ono kuti ifike pansi.

Madzulo a tsikulo anapemphera kaye m'kachipinda ka matsache. Alendo omaliza atatuluka ndipo magetsi atazimitsidwa, analowa ndi mtolo wa nsalu, koma ulendo uno anadzera kutsogolo. Kuwala kochepa kochokera pawindo lam'mwamba kunkagwera pankhope zopakidwa utoto. Anayang'ana chidole choyamba m'maso, nachifunditsa. Chachiwiri chimodzimodzi. Kunja galimoto zinkamveka ngati zili kutali kwambiri, ndipo m'chipindamo munkangomveka kukhwekhwereza kwa nsalu ndi mtima wawo.

Pakona panakhala nkhalamba yovala jekete lakuda lothetheka m'zigongono, kansalu koyera kali pamkono, manja ali pamawondo. Mayi Ansalu anaiyang'ana m'maso. Masowo anaphethira.

 Mtolo unagwa pansi.

"Pepani amayi, musaope," inanong'ona nkhalambayo. "Chigawo cha pakona chino ndi changa. Ndinayamba kuperekera zakudya pamatebulo awa ndisanamere ndevu."

Anafotokoza mwaulemu, ngati akuuza mlendo zakudya za tsikulo. Ankalowa masana pamodzi ndi gulu la alendo, n'kubisala kuseri kwa kauntala mpaka magetsi azime, kenako n'kukhala pampando duu. M'mawa ankabisalanso mpaka gulu loyamba lilowe. Kwa mwana wawo wamkazi komwe ankakhala, ankangosunthidwa uku ndi uku ngati katundu.

"Kuno ndimadziwa pokhala chinthu chilichonse. Amene anatsekera masupuniwa m'kabati sanagwirepo ntchito ino, ndiye ndimakonza. Alendo angawa sadandaula." Anamwetulira pang'ono. "Komanso mumafunditsa bwino, amayi. Chimwalirireni akazi anga, palibe anandifunditsapo."

Mayi Ansalu anakhala pampando woyandikana nawo, misozi ili chuchuchu. Anandiuza kuti akanatha akanangowafunditsa n'kutseka chitseko. Koma mawa lake linali Lachisanu, tsiku lothera sabata yomwe Abwana anapereka.

"Agogo, amuna anga akuchotsedwa ntchito chifukwa cha inu. Anthu akuti akumalowetsa akazi muno."

Nkhalambayo inachotsa manja pamawondo. Kenako inaimirira, n'kukankhira mpando pansi pa tebulo mosamala, n'kuwongola jekete.

"Tiyeni kwa bwana wanu. Sindinachotsetsepo munthu ntchito ine."

Abwana anali asanaweruke. Anamvetsera atagwira pakamwa, kenako anaimbira foni mwana wa agogowo, yemwe anabwera akupepesa ndi kukalipa nthawi imodzi. Agogowo anauzidwa kuti asadzalowenso. Potuluka anaima pageti n'kuwawerama Achikhoto ngati momwe ankaweramira alendo olemekezeka. Makiyi anatsala m'thumba la Achikhoto. Usiku umenewo asanapite kunyumba, Mayi Ansalu anawakonzera amuna awo kolala ya chikhoto chija, nati, "Bambo, ndinakuganizirani zoipa." Iwo anangoyankha kuti, "Pitani bwino amayi, basi ingakusiyeni."

Nyengo yozizira itafika, mwana uja anadutsa pageti kudzanena kuti bambo ake anamwalira kutulo. Mayi Ansalu anapita kumaliro. Mulungu awalandire agogo amenewo.

Sabata yotsatira, nsalu inaperewera.

Anayatsa magetsi onse, nazungulira chipinda chonse akuvundukula chidole chimodzi chimodzi, kuchiyang'ana m'maso, ngakhale kuchigogoda pachipumi. Zonse zinali zidole. Kuseri kwa kauntala kunalibe munthu. Anafunditsanso, ndipo chidole cha pakhomo chinatsalabe chosafunda. M'mawa nsalu inali pampando wa pakona, ngodya zake zitakumana.

Pageti, Achikhoto anawayang'ana akazi awo, ndipo akaziwo anadziwa kuti supuni yayambanso kulira. Palibe anatchula. Onse awiri ankadziwa kuti Abwana akamva, ulendo uno sipapezeka munthu woti amugwire dzanja n'kupita naye kuofesi, ndipo makiyi adzabwezedwa.

Choncho Mayi Ansalu anang'amba nsalu ya pabedi lawo, naipinda m'mphepete ndi singano, napita nayo kuntchito m'chikwama. Tsopano madzulo aliwonse zidole zonse zimafunda, ndipo palibe nsalu imatsala m'manja. M'mawa amafika anzawo asanabwere, kubweza masupuni m'kabati ndi kupukuta kapu yonyowa.

Ndinawafunsa ngati saopa. Anayang'ana kuguwa.

"Ndimaopa, mlongo wanga. Ndabwerera kufunditsira kumbuyo, pakona paja sindiyang'ana. Koma nsaluyo ndimaikokabe kuti ifike pansi. Kunja kukuzizira."

Anandipempha kuti ndiziwakumbukira m'mapemphero, iwo ndi amuna awo, komanso amene amakhala pakona. Ndimatero.