Chitsanzo cha Tabeth

Tabeth anakhala kumbuyo kwa kalasi ya pansi pa mtengo ku Kapondo, atatupa ndi mkwiyo. M'mawa umenewo bambo ake anatenga juzi yake yobiriwira n'kupatsa Esitele, ati poti mwini wakeyo inkamuthina.

Esitele anali mwana wa bambo ake omwewo, wobadwa kwa mayi wina wa ku Chipata kumene bambowo ankakagulitsa mtedza. Mayiyo atamwalira, bambowo anabwera naye Esitele kuno, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse m'nyumbamo chinali chogawana.

Aphunzitsi, a Kefasi, analemba pa bolodi mawu a Chingerezi akuti "offshoot".

"Iyi ndi mphukira yotuluka pa tsinde lalikulu," anatero. "Amatchulanso choncho chilichonse chochokera ku chinzake, monga mpingo wopatuka kapena mudzi wogawikana. Ndani atipatse chitsanzo?"

Tabeth anaimirira asanalozedwe.

"Esitele ndi ofushuti ya banja lathu, sala. Ngati timphukira tija ta m'khwapa mwa fodya. Timangodya feteleza wa masamba enieni, n'chifukwa chake timatithyola."

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Goliati, mnyamata wamakani wa kutsogolo, anachita kugubuduzika pa fumbi. A Kefasi anamenya bolodi ndi ndodo, koma kuseka sikunathe. Esitele sanalire. Anangovula juziyo, kuipinda bwinobwino, n'kuisiya pa njerwa imene ankakhalira.

Dzinalo linamumatirira. Kumjigo, kuchigayo, ngakhale tiana tosadziwa Chingerezi tinkamuthamangira: "Ofushuti! Ofushuti!" Posakhalitsa anasiya kupita kusukulu. Malume ake atabwera kudzamuona, anawapempha yekha kuti abwerere nawo.

Tabeth anawapeza pamsewu akudikira matola.

"Esitele, ine ndimangocheza paja."

"Munakhoza, achemwali. Ngakhale asala sanakutsutseni."

"Basi tiye kunyumba. Mayeso ayandikira, iwe masamu umawatha kuposa tonse."

"Za sukulu zathera konkuno. Uko ndikalera ana a malume."

Galimoto inaima, Esitele n'kukwera pamwamba pa matumba a chimanga. Sanatembenuke.

Fumbi lisanakhazikike, Goliati anatulukira akuyendetsa mbuzi.

"Aa, Tabeth! Ofushuti wathyoledwadi?"

Tabeth anatola mwala waukulu. Goliati anabisala kuseri kwa chulu, akudikira. Koma mwalawo sunabwere. Dzinalo sanalipeke ndi Goliati.