Mpando wa Kutsogolo

Ukwati wa Jobson ndi Ellen unayamba bwino, ndipo aliyense wa ku Mlonyeni amene anavina nawo tsiku limenelo angakuuzeni zomwezo. Jobson anali ndi shedi yomata matayala a mathiraki pafupi ndi boda ya Mchinji. Anali munthu wanthabwala, wosamwa mowa. Ellen, mwana wa a Mbewe, ankagwira ntchito pa kampani ina ya azungu yogula soya ndi mtedza kwa alimi n'kumatumiza kunja. M'mawa uliwonse Jobson ankamutengera mkazi wake pa njinga yamoto mpaka pageti.

"Tsikani, abwana," ankatero. "Mukadzakhala manijala musadzatiiwale ife amatayala."

"Ndidzakulembani ntchito yopopa matayala a galimoto yanga," Ellen ankayankha, onse n'kuseka.

Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Madalo. Anamanga kanyumba ka malata. Panalibe chodandaula, kupatula chimene Ellen ankabwera nacho kuchokera kuntchito madzulo alionse, chosaoneka ndi maso koma cholemera.

Pa kampanipo panalibe wotukwana mnzake. Aliyense ankamwetulira, ndipo chotopetsa chinali chomwecho, chifukwa munthu womwetulira ungakamunenere kwa ndani? Koma aliyense ankadziwa malo ake. Kampaniyo inali ndi pikapu yoyera ya magalasi akuda. Popita kwa alimi, mzungu ankakhala kutsogolo, amuna achikuda kumpando wakumbuyo, akazi n'kutsala muofesi. Palibe amene analemba lamulo limenelo, palibenso amene analiswa. Ellen ndiye ankayang'anira kuyesa mbewu, koma alendo akabwera, tiyi akafunika, maso onse ankatembenukira kwa iye. Akanena maganizo pamsonkhano pankangoti zii. Mnzake wa muofesi, Cyprian, akabwereza mawu omwewo ndi liwu lachimuna, bwana ankagwedeza mutu n'kuyamikira.

Anyamata achizungu ankabwera kudzakhala mamanijala a depoti. Ellen ankawaphunzitsa kuzindikira mtedza wa chuku, kuwaonetsa midzi pamapu, kuwamasulira zonena za alimi. Akadziwa ntchito ankakwezedwa n'kupita, kubwera wina. Iye atafunsa za udindowo anamuuza kuti ukufunika dipuloma. Anavutika ndi maminibasi a ku Lilongwe Loweruka lililonse mpaka dipuloma anaipeza. Atabwera nayo anamuuza kuti alimi aamuna sangamvere mkazi. Kenaka kunabwera manijala watsopano, a Wilson, wamng'ono kwa iye, waulemu kwambiri.

"Ellen, iwe ndiwe msana wa depoti ino," anatero m'Chingerezi chake chofewa. "Koma manijala ayenera kukhala ndi laisensi ya galimoto. Ukuona? Si ine ayi, ndi akuluakulu."

Cyprian analibe laisensi, komabe dzina lake linkatchulidwa pa udindowo. Ellen anangoti, "Chabwino, bwana," n'kukatsuka makapu.

Chaka chimenecho kunabwera alendo a ku Ulaya amene ankagula mtedzawo. Ankafuna kuona ngati kampani imasamala amayi. M'mawa wake a Wilson anamupatsa Ellen chipewa chatsopano, n'kumutsegulira chitseko chakutsogolo pamaso pa onse. Cyprian anadzipanikiza kumbuyo, nkhope ili gwa. Kumunda anawajambula, a Wilson ataika dzanja paphewa la Ellen. Posakhalitsa chithunzicho chinakwezedwa pa chikwangwani chachikulu pageti, moyang'ana msewu wa kuboda, pansi pake atalemba kuti TIMAKWEZA AMAYI. Alendo atapita, Ellen anabwerera ku tiyi wake. Malipiro ake sanasinthe.

Anthu inu, miseche siichedwa. Kwathu kuno mkazi akakhala kumbuyo palibe wofunsa chifukwa. Akangokhala kutsogolo tsiku limodzi, aliyense amadziwa kale chimene walipira.

Cyprian ndiye anayamba. Anapita kushedi kukapopetsa tayala la njinga lomwe linali ndi mpweya kale.

"Achimwene, inu muli ndi mtima wabwino," anatero. "Ife amuna takalambira pakampani paja, mpando wakutsogolo sitinaulawe. Alamu angoti tsiku limodzi, chitseko chowatsegulira mzungu yemwe. Ali ndi mwayi alamu."

Dalaivala wina wa ku Chipata amene ankadikira tayala lake anaseka. "Mudala, uja pa chikwangwani ni mukazi wanu? Iyee! Muzungu amugwila bwino!"

Shedi yonse inaseka. Jobson nayenso anaseka, koma nyundo imene anamenya nayo tayala inamveka mpaka kuboda.

Madzulo Ellen anapeza mwamuna wake atakhala pakhonde, zovala za ntchito asanavule.

"Dzanja lija likufuna chiyani paphewa pako?"

"Bambo a Madalo, ndi chithunzi chabe. Anatiuza kuti tiime choncho."

"Anakuuza! Akakuuza kuti ugone, ugona?"

"Musandinyoze. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuzani mmene amandichitira anthu aja. Munkati ndipirire. Lero andiika pachikwangwani ngati thumba la feteleza, inu mukuti ndi chikondi?"

"Mzungu satsegulira chitseko mkazi wakuda popanda chifukwa."

Ellen anamuyang'ana m'maso. "Ndiye inunso mukuganiza ngati iwo. Kuti ine pandekha sindingakhale kutsogolo."

"Ndamaliza. Ndikadzakuonanso m'galimoto imene ija, udzandidziwa."

Kuyambira pamenepo nthabwala za pageti zinatha. Jobson ankamutsitsa patali, kuti asaone chikwangwani. Anayamba kununkhiza zovala zake, kufufuza foni yake, kufunsa Madalo kuti amayi afika nthawi yanji. Anayambanso kumwa. Ellen ankatopa kuntchito, kunyumba n'kudzatopanso. Usiku ankagona chakukhoma akudziuza kuti: ndikangopeza laisensi, udindo ndi wanga, ndipo bamboyu adzaona yekha kuti ndinkavutikira chiyani.

Sukulu yoyendetsa galimoto inali yodula. Amene anamumvera chisoni anali a Zakeyu, dalaivala wa kampani, bambo wa imvi, mkulu wa mpingo ku Kapondo.

"Nambewe, mwana wanga, ine ndayendetsa azungu mpaka tsitsi layera," anatero. "Ndisanafe ndikufuna ndidzakhaleko kumanzere, miyendo nditatambasula, mwana wa kwathu akundiyendetsa. Ukapemphe kwa bwana, ndikuphunzitse."

Ellen anapempha. A Wilson, maso ali pakompyuta, anati, "Loweruka masana galimoto imangokhala. Palibe vuto."

Koma Ellen sanamuuze Jobson. Apa Ellen analakwa, ndipo iye mwini amavomera. Koma mkazi amene walongosola chinthu chimodzi kambirimbiri osamveka amafika potopa n'kusankha kukhala chete. Ankanena kuti akupita kukwaya. A Zakeyu ankamutengera kuseri kwa msika, n'kupita pa bwalo la mpira lakutchire, m'njira ya ku Kapondo. Kumeneko ankasinthana mipando.

"Kilatchi pang'onopang'ono! Iwe, si mtondo uwu!" ankakuwa a Zakeyu galimoto ikamadumpha ngati mbuzi yomangidwa. Ellen ankaseka mpaka misozi. Anali ataiwala kuti kuseka kumamveka bwanji.

Koma tchire lili ndi anthu ake. Amayi otola nkhuni anaona galimoto ya mzungu ikulowa kubwalo. Anyamata a kabaza anaona Ellen akukwera kuseri kwa msika. Magalasi anali akuda, choncho amene anali m'katimo aliyense anamujambula yekha m'mutu mwake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza za nkhalamba ya imvi. Nkhani inafika kwa Cyprian, ndipo Cyprian anakapopetsanso tayala.

Loweruka lotsatira dzuwa linali likuswa mtengo. Ellen anali atangophunzira kubwerera m'mbuyo. Anaimitsa galimoto pansi pa mtengo wa muwanga.

"Mwezi wamawa ukayesedwe," anatero a Zakeyu, atatambasula miyendo kumanzere monga ankafunira. "Ukapambana undigulire fanta."

Phokoso la njinga yamoto analimva mochedwa. Jobson anaigwetsa pansi injini ikulira, m'manja ali ndi chitsulo chochotsera matayala. Sanapite kumanzere, kumene ankadziwa kuti kumakhala mkazi. Anathamangira kumanja, kuchiwongolero, chifukwa m'mutu mwake pamenepo pakanakhala mwamuna basi, mzungu uja. Anatsegula chitseko n'kumenya asanayang'ane.

Ellen anangokweza dzanja. Anamva fupa likuthyoka, kenaka chitsulo chinabweranso paphewa.

"Bambo a Madalo! Ndine!"

Jobson anaima, maso ali psuu, osamvetsa chimene akuona. A Zakeyu anali atatsika kale, akuzungulira galimoto mothamanga monga nkhalamba ingathamangire.

"Mwana wanga, siya! Siya, ndikuuze!"

Anamugwira kumbuyo. Jobson anamva manja a mwamuna, n'kutembenuka ndi mphamvu zonse za munthu womenya matayala a mathiraki. Chitsulo chinawapeza a Zakeyu pamwamba pa khutu. Anagwa chagada pafumbi, nsapato imodzi itavuka. Sanadzukenso.

Jobson anasuzumira m'galimoto, kutsogolo, kumbuyo, ngakhale pansi pa mipando. Ankafunabe mzungu. Munalibe. Munali Baibulo la a Zakeyu ndi botolo la madzi.

"Ali kuti?" anafunsa, mawu atasanduka a mwana. "Ellen, ali kuti?"

"Amandiphunzitsa galimoto," anatero Ellen. "Galimoto basi."

A Zakeyu anamwalira asanafike kuchipatala. Ellen anagonekedwa nthawi yaitali. Dzanja lake lamanja linapola mokhota, zala zosapindika. Ali chigonere kunabwera a Wilson ndi maluwa. Anapepesa kwambiri, mwaulemu monga mwa masiku onse. Kenaka anati akuluakulu aona kuti galimoto inatengedwa popanda chilolezo cholembedwa, ndipo dzina la kampani laipa, choncho ndi bwino Ellen apume kaye kunyumba.

"Koma munandilola, bwana."

"Sindikukumbukira bwino, Ellen. Ndimakhala ndi zambiri."

Kupumako sikunathe mpaka lero. Mkazi wa a Zakeyu anapatsidwa bokosi la maliro ndi matumba a chimanga, nkhani n'kuthera pomwepo. A Wilson anakwezedwa n'kupita ku Lusaka. Cyprian anadikira udindo uja ndi jekete latsopano, koma kunabwera mnyamata wina wachizungu, ndipo Cyprian akukhalabe kumpando wakumbuyo.

Mlandu unazengedwa chaka chotsatira. Khothi linadzaza ndi anthu omwe aja amene ankanyamula nkhani, tsopano akugwedeza mitu ngati sakudziwa kanthu. Jobson anaonda, tsitsi litayamba imvi. Sanakane mlandu. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anati:

"Ndinkaganiza kuti pachiwongolero pali mwamuna."

Woweruza anali mayi. Anavula magalasi ake n'kumuyang'ana.

"Bambo Jobson, munanyamula chitsulo kuchokera kushedi kwanu mukudziwa chimene mukukachita nacho. Munapha munthu wosalakwa amene ankathandiza banja lanu, ndipo munalemaza mayi wa mwana wanu. Nsanje si chifukwa chochepetsera mlandu. Khothi lino lakupezani olakwa pa mlandu wakupha, ndipo mukakhala kundende zaka makumi awiri ndi zisanu mukugwira ntchito yakalavulagaga."

Apolisi akumutulutsa, Jobson anaima pafupi ndi benchi imene Ellen anakhala ndi Madalo.

"Mayi a Madalo, ukanandiuza."

"Ndinakuuzani zaka zonse," anatero Ellen mosakweza mawu. "Munamva za Cyprian."

Ine ndatopa nazo nkhani zoterezi, ndipo sindizikometsa. Jobson ndiye anapha, ndipo ndende ndi yake. Koma chitsulo chija anachinyamula ndi anthu ambiri. Anachinyamula amene ankamwetulira uku akusuntha mpando chaka ndi chaka. Anachinyamula amene anaona mnzake wakuda atakwera kamodzi, m'malo mofunsa chifukwa chimene onse akukhalira kumbuyo, n'kukamunenera kwa mwamuna wake. Amuna inu, mkazi wanu akamabwera kuntchito atatopa ndi kunyozedwa, musamuonjezere. Mufunseni, ndipo mumvere yankho lake. Kunja amuona kale ngati wosayenera. Mukagwirizana nawo, atsala ndi ndani?

Masiku ano Ellen amagulitsa mtedza wokazinga paboda, akumanga timapepala ndi dzanja lamanzere. Minibasi imene amakwera m'mawa imadutsa pageti pa kampani paja. Chikwangwani chikadalipo. Dzuwa lachiwaula, nkhope ya a Wilson yafufutika, koma dzanja lija likuonekabe paphewa, ndipo mawu aja akuwerengeka bwinobwino. Kondakitala wina amene sadziwa nkhaniyi anamuuza tsiku lina kuti, "Mayi, kutsogolo kuli malo, bwerani."

Ellen anayang'ana mpandowo, kenaka chiwongolero.

"Ayi, mwana wanga," anatero. "Ndakhala kale."