Madzi a ku Adriatiki

Foni inayamba kunjenjemera m'thumba la siketi ya Luckness pamene amayi a mpingo anali pakati pa nyimbo. Mtsikanayo sanachite kuyang'ana kuti adziwe amene akuimba. Anadzuka pamphasa, nadutsa pakati pa miyendo ya anthu amene anadzaza m'nyumba ya siwa, n'kutuluka panja.

Mayi ake, a Nelia, anamupeza kuseri kwa nkhokwe.

"Vula mpangowo," anamunong'oneza. "Ukafike kuchulu kuja, asamve nyimbo. Ndipo uzimwetulira."

Azakhali ake a Luckness, a Scholastica, anali atamwalira dzulo lake. Anagwa akuthyola nandolo m'munda mwawo ku Utale, osadzukanso. Thupi linali ku nyumba ya chisoni ku Balaka, ndipo abale anali atasonkhana kale pamudzi. Yekhayo amene sankadziwa kalikonse anali mlongo wawo wa malemuwo, a Jasten, bambo ake a Luckness. Iwo anali kutchuthi ku Ulaya, m'mbali mwa nyanja yotchedwa Adriatiki.

Ku Balaka kunalibe munthu wosawadziwa a Jasten. Zigayo zawo zinkalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo malole awo ankatuta nandolo ku Nselema ndi thonje ku Chikweo. Mnzawo wa ku Italiya, amene ankawagulitsa makina a chigayo, ndiye anawaitana kuti akayende naye pagalimoto m'mbali mwa nyanjayo.

Nkhani yowabisira maliro anaigamula ndi a Feston, malume awo a a Jasten, amenenso anali mwinimbumba.

"Wapaulendo sauzidwa maliro," anatero mkuluyo. "Chaka chatha lole yake itagubuduka, munthu uja anakomoka atangomva. Nanga lero akagwa pakati pa azungu, amutola ndani? Komanso ndege si minibasi yoti ungoikwezera dzanja. Tsiku limene analemba pa tikiti ndi lomwelo. Tiika Loweruka. Iye adzamva akabwera sabata ya mawa."

Ntchito yoyankha foni inagwera Luckness. Bambo ake ankakonda kuimbira iye, chifukwa foni yake ndi imene inkaonetsa nkhope bwino. Komanso pakhomo ponsepo ndi iye yekha amene anali asanalire. Misozi inangokana. M'chifuwa mwake munali ngati mwendo wochita dzanzi, woti ngakhale uutsine sumva kanthu.

Chulu chimene pankagwira netiweki chinali m'mbali mwa msewu wafumbi. Pafupi pomwepo anyamata anali atayala nthambi zaziwisi modutsa msewu, monga amachitira paliponse pamene pagwa zovuta, kuti odutsa adziwe. Luckness anaima mozipenya nthambizo, kumbuyo kwake kuli munda wa thonje, kuti zisaoneke pafoni. Kenaka anayankha.

"Laki! Mwana wa bwana! Ukundiona?"

Nkhope ya a Jasten inadzaza galasi lonse. Anavala chipewa cha mlaza ndi malaya a maluwa. Kumbuyo kwawo kunali madzi obiriwira ofika mpaka kumapeto a thambo.

"Ndikukuonani, ababa."

"Kuno ndi ku Bari, mwana wanga. Taona kunja kuli ngwee! Wotchi yako ndi yanga zikunena nthawi imodzi, koma kwanuko kwayamba kuda, kuno dzuwa likukana kulowa. Likudikira Jasten amalize kuona zinthu! Lero ndaona asodzi akumenyetsa pamwala chilombo cha miyendo isanu ndi itatu kuti chifewe. Amadya chachiwisi! Andipatsa, ine osaphethira, kwam'mero tsee. Azungu onse m'manja. Ine Jasten, amene ndinayamba ndi njinga ya kabaza yopanda mabuleki, popanda wondigwira dzanja!"

"Zosangalatsa, ababa."

"Dikira. Thonje limenelo ndikulidziwa. Muli ku Utale?"

"Eya. Tabwera kudzacheza, pajatu tili pa holide."

"Mwachita bwino. Apatse foni achemwali."

Luckness anamva pakamwa pake pakuyankha pokha. "Apita kudimba."

"Ndi miyendo yotupa ija? Koma munthu wosamva ameneyo!" A Jasten anaseka, n'kukweza botolo lopanda kanthu. "Anandituma kuti ndiwatungire madzi a nyanja ya mchere, ati amaphwetsa miyendo. Ine ndinawaseka, koma nditunga. Osati a pano, iyayi, pali zombo zambiri. Usiku uno tikuwoloka pa sitima kupita ku Kroshiya. Kumeneko madzi ake ukagwetsa singano umaiona pansi. Ukawauze kuti mlongo wawo satunga madzi wamba."

"Ndikawauza."

Foni itadulidwa, Luckness anamanganso mpango n'kubwerera kusiwa. Sanamve chisoni, sanamvenso manyazi. Anangoona kuti fumbi lalowa m'masilipasi.

M'mawa mwake anakhala kuseri kwa nyumba akutsuka mbale. Pafupi naye amayi awiri achikulire, a Ida ndi a Zaina, ankasadzula masamba a ndiwo akucheza motsitsa mawu. Sanamuone, kapena anamuyesa mwana wa pamudzi pomwepo.

"Ati ali kwa azungu, akusambira," anatero a Zaina.

"Asambe. Paja amati anadzipanga yekha." A Ida anatsonya. "Njinga yake yoyamba ija inagwa kumwamba? Mbuzi zonse za Schola zinathera pamenepo. Khola linatsala pululu, ine ndikuona ndi maso angawa."

"Iii, zoona?"

"Nanga mayi awo atamwalira anamubereka kumbuyo ndani? Schola anasiya sukulu chifukwa cha kamwana kameneko, kali ndi mamina mbwee. Ndiye lero mwana woteroyo asaponyeko ngakhale kadothi?"

"Khalani chete, anzanga. Za eni mbumba izo."

Luckness anapitiriza kupukuta mbale imene inali itauma kale. Atamaliza anakawapeza mayi ake akupeta mpunga.

"Amayi, kodi tikiti ya ndege siisinthika?"

"Iwe unakwerapo ndege?"

"Iyayi. Koma agogo a Feston nawonso sanakwerepo."

A Nelia anaika lichero pansi. Maso awo anali ofiira. "Tamvera, Laki. Ine ndikufuna mwamuna wanga atsike ndege akuyenda ndi miyendo yake, osati atatsekeredwa m'bokosi. Maliro amodzi akwana. Wamva?"

"Ndamva."

Foni inaliranso masana. Luckness anavula mpango, napita kuchulu, n'kuima monga anaimira dzulo. Nthambi zofota zija anyamata anali atazichotsa n'kuyala zina zatsopano.

Ulendo uno a Jasten anali ataima m'madzi ofika m'mawondo, mathalauza atapinda. Kumbuyo kwawo kunali mzinda wozunguliridwa ndi linga la miyala, madenga ake onse ofiira ngati dothi la katondo.

"Dubrovnik, Laki! Tchula, ndimve ngati lilime lako ndi la mwana wa bwana. Kuno kulibe mchenga, ndi timiyala tokhatokha, tosalala ngati mazira a nkhanga. Achemwali ali pompo? Ndikufuna aone ndi maso awo ndikutunga, asadzati ndatunga pa Shire n'kuthiramo mchere."

"Atuluka."

"Atulukanso? Dzulo kudimba, lero atuluka. Kodi munthu ameneyu wakhala nduna ya boma?" Anawerama, namiza botolo m'madzi ndi dzanja limodzi. Luckness anamva kulira kwa madzi akulowa m'botolomo. "Ukawauze kuti chaka cha mawa ndibwera nawo kuno. Ndidzawakhazika pamwala apa, miyendo m'madzi, ayisikilimu kumanja. Sanaonepo nyanja yopanda tsidya, iwo aja. Moyo wawo wonse ndi Utale, tchalitchi, Utale."

Luckness anayang'ana botolo lija likudzaza. Sanaganize zambiri. Dzanja lake linangotembenuza foni, galasi n'kuloza kumsewu.

Nthambi zinali gone modutsa msewu. Nthawi yomweyo mnyamata wa kabaza anatulukira ali pa liwiro, wailesi ikulira pa handulo. Atafika panthambi anatsika, nazimitsa wailesi, navula kapusi, n'kuyamba kukankha njinga yake mwakachetechete. Kutsogolo kwake kunkaoneka denga la nyumba ya a Scholastica, ndi amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango.

Pafoni pankangomveka mafunde.

"Laki," mawu a bambo ake anamveka aang'ono, ngati a munthu wina. "Nthambizo zili pakhomo pa ndani?"

"Pa azakhali."

"Wapita ndani?"

"Iwo omwe. Dzana. Aika Loweruka."

Luckness anatembenuzanso foni kuti awaone. Anangoona thambo, kenaka thovu, kenaka mdima. Anayesa kuimba. Foni ya bambo ake sinkapezeka.

Luckness atabwerera kusiwa n'kufotokoza zimene anachita, a Nelia anakhala pansi pafumbi pomwepo, manja kumutu. A Feston anagogoda ndodo yawo pansi.

"Mwana iwe, mwambo sunauyambe ndiwe. Ngati munthu uja wagwera m'madzi, udzayankha chiyani?"

Tsiku limenelo ndi lotsatira lake Luckness anakhala akuyenda pakati pa siwa ndi chulu, akuimba nambala yosayankha. Mayi ake sanamukalipire. Anangoleka kumuyang'ana. Chakudya ankadya chifukwa amupatsa, osamva ngati muli mchere kapena ayi. Nthawi zina ankadzifunsa ngati wapha bambo ake, ndipo funsolo linkangokhala m'mutu mwake ngati mwala uli pansi pa chitsime.

Lachisanu dzuwa litapendeka, uthenga unalowa kuchokera ku nambala yachilendo. Luckness anathamanga nawo kwa a Feston, nawawerengera pamaso pa mayi ake.

"Foni inagwera m'nyanja. Tikiti asintha. Musaike. Jasten."

"Basi?" anafunsa a Nelia. "Palibe zina?"

"Basi."

"Ndiye kuti si iyeyo," anatero a Feston. "Jasten angalembe mawu ochepa chonchi?" Koma anavula chipewa n'kukanda m'mutu kwa nthawi yaitali. "Kani imasinthika," anadziyankhulira.

Loweruka thupi linafika m'mawa. Mwambo wa mapemphero unatha, anthu anadya, koma bokosi silinanyamulidwe. Adzukulu anayamba kung'ung'udza kuti dzuwa likupita. A Feston, omwe aja anagamula zobisa, ndi amene anapita kukawapepesa kawiri konse.

Luckness anali pachulu pamene anaona njinga ya kabaza ikubwera ndi fumbi. Kumbuyo kunakhala munthu wamkulu thupi, wovala malaya a maluwa okwinyika, wopanda chipewa, wopanda sutikesi. Atafika panthambi, munthuyo anagwira phewa la woyendetsa, natsika. Anavula nsapato zake zonyezimira n'kuzisiya pomwepo. Kenaka anayamba kuyenda wapansi, kachikwama kakang'ono atakakumbatira pachifuwa.

Atafika pamene panali Luckness anaima. Sanamutche mwana wa bwana. Anangoika dzanja pamutu pake kanthawi, n'kupitirira.

Kumanda, bokosi litatsitsidwa, a Feston anapempha a Jasten kuti ayankhule. Anthu anakonzeka kumva za ndege ndi za mayiko, poti ankawadziwa. A Jasten anayang'ana m'dzenje.

"Njinga ija," anatero, "inali mbuzi za achemwali."

Anatola dothi naponya. Adzukulu atamaliza kuumba mtumbira, iwo anatsegula kachikwama kaja n'kutulutsa botolo lokulungidwa m'thaulo. Anafunsa mkulu wa adzukulu kuti kumiyendo ndi kuti. Atawalozera, anagwada, natsegula botolo, koma madzi anayamba kutayikira pambali.

"Laki, tabwera undigwirire."

Luckness anagwada pafupi nawo, nagwira botololo pamodzi ndi bambo ake. Madzi anatsika pang'onopang'ono, dothi louma la ku Utale n'kuwamwa nthawi yomweyo.

"Ndatunga, achemwali," anatero a Jasten. "Si a pa Shire."

Pamenepo dzanzi lija linatha. Luckness analira mokweza, mpaka mayi ake anabwera kudzamugwira.